Tsiku limene ndidadzitsekera m'pikapu ya mkamwini

Mkamwini wanga adakhala pamudzi panga zaka khumi ndi zisanu, ine osamuyang'anapo m'maso ngakhale tsiku limodzi. Umenewo ndi mwambo, sichidali chidani iyayi, chidanicho chidachita kubwera pambuyo. Tikakumana panjira ya kumtsinje iye ankapatukira m'tiyi, ine n'kunjuta pomwepo, nkhope kumbali. "Mwadzuka bwanji amayi?" akufunsa mtengo wa mapeyala. "Ndadzuka, kaya inu bambo?" ine ndikuyankha chulu. Mpando umodzi sitidakhalirepo. Mawu akachuluka ankadzera mwa mwana wanga, mkazi wakeyo.

Munthuyu adabwera kuno ali wothyola tiyi ngati ife tomwe, dengu kumsana, nsapato alibe. Ndidampatsa malo kumtunda kwa nyumba yanga, adamanga, adabereka ana atatu. Kenaka ukapitawo ku esiteti, kenaka geni ya nthochi ku Limbe, kenaka pikapu yoyera, ija ya mpando umodzi kutsogolo. Eee! Kuyambira pamenepo ngakhale kutsokomola kwake kudasintha.

Loweruka lina, nyengo yotentha mvula isadagwe, ndidamva kho! kho! kweee! Kutuluka panja, mkamwini ali padenga la nyumba yake akuzula malata. Pikapu yaima pabwalo pake, mphuno yaloza kumunsi kudimba, chitseko cha kumbuyo chagwetsedwa, injini ikulira. M'katimo, kuseri kwa galasi, mwakhala asewere anga, mayi wake wa mkamwiniyo, a ku Luchenza, duku lili njo.

Ndidaitana mwana wanga. "Iwe! N'chiyani chimenechi?"

"Tikusamuka, amayi."

"Kusamukira kuti?"

"Kwawo."

"Wapempha ndani?"

Akungopinda matiresi.

Kwathu kuno mwamuna ndiye amadza. Mkazi ndi ana ndi apamudzi, mudziwo ndi iwowo. Ukafuna kupita naye kwanu umatuma ankhoswe, anthu n'kukhala pansi, iwe n'kupempha. Awa sadatume munthu. Adangobwera ndi injini.

Ndidaima manja m'chiuno kuonerera akupakira mwana wanga ngati nthochi. Matumba a chimanga pansi, mipando miyendo m'mwamba, makina osokera pakati pa matiresi. Malata adawasanja pamwamba, pa zitsulo zija zimaima kuseri kwa mutu wa galimoto. Ndiye pali malamba achikasu okhala ndi ngowe. Akola ngowe m'mphepete uku, aponya lamba, akola uko, n'kumapukusa kachitsulo, kete-kete-kete, mpaka lamba kuuma gwa. Kete-kete aliyense ine ndinkamumva muno m'nthiti.

Apo asewere adatsika, n'kutseka chitseko msanga kuti mphepo yawo yozizira isathawe. "Beseni lija! Lija ndidagula ndine pa ukwati. Musalisiye kwa anthu awa."

Anthu awa. Ine!

Nzeru idayambira m'miyendo, kumutu idafika mochedwa. Ndidazungulira kutsogolo, n'kutsegula chitseko cha dalaivala, n'kukhala pansi, phaa, kutseka. Mkamwini sangakhale mpando umodzi ndi mpongozi wake. Sangandigwire dzanja, sangandikoke. Ine ndili m'menemo galimoto siyenda, ndipo galimoto ikapanda kuyenda mwana wanga sachoka. Ndikukhazikika bwino, chigongono changa chidapondereza kabatani pachitseko. Gwa! Zitseko zonse ziwiri zakiyika. Makiyi ali lendelende pansi pa chiwongolero, m'kati, ndi ine. Ndidati Ambuye mwandiona.

Koma kuzizira kwake! Panja nkhuku zili kukamwa yasa, muno muli Juni wa m'phiri. Ndiye kuti mayi uja wakhala akupumira zimenezi m'mawa wonse, mwana wanga akunyamula matumba padzuwa?

Asewere adabwera akuthamanga, beseni m'manja. Akoka chitseko, ayi. Amenya galasi. Pakamwa pakuyenda koma mawu sakufika, ngati nsomba m'ndowa. Ine kutsogolo kwanga kuli timagetsi, timawotchi, mabatani ngati maso a chinanazi. Sukulu sindidapiteko, koma chala ndili nacho. Ndidadina pakati pa chiwongolero. Piiiiii! Mbuzi kuthawa. Ndidadinanso, piii! piii! piiiiii! kuti mudzi wonse ubwere udzaone kuba kwa masana. Adabweradi, ena ndi makasu, ena ana kumsana.

Ndidakankha kamtengo ka pambali pa chiwongolero, timikono tiwiri n'kuyamba kuvina pagalasi, kwee-kwaa, kwee-kwaa. Kukakokera kwa ine, madzi psuuu! Asewere adali ataweramira pagalasi lakutsogolo kuti anditukwane bwino. M'maso momwemo. Anthu kuseka, mpaka wina adakhala pansi. Ndidadina kabatani kofiira, magetsi onse n'kumaphethira, thi-tha, thi-tha. Kena kadatsegula wayilesi, mbusa akukuwa m'katimo, ndidamusiya akuwe, adali kumbali yanga.

Kabatani ka galasi ndidakapeza pachitseko pomwe paja. Kudina, galasi fyuu kutsika. Kukoka, fyuu kukwera. Ndidatsitsa pang'ono, polowa zala ziwiri basi.

"Tsikani m'galimoto ya mwana wanga!" asewere amenewo.

"Tsitsani mwana wanga m'galimoto ya mwana wanu!"

"Mudaionapo galimoto inu? Mununkhitsamo kalongonda!"

"Kalongonda yemweyo ndiye wanenepetsa mwana wanu. Adabwera kuno nthiti tikuwerenga!"

"Akhalire chiyani pano? Munda wake uti? Mukulima pakati pa miyala ngati anyani, kwina konse ndi tiyi wa eni ake!"

"Miyala yomweyo adaigwadira pofunsira!"

Fyuu, ndidakweza galasi asadayankhe. Chinthu chimenecho chokha ndiye ndidachikonda m'galimoto imene ija. Mayi akali pakati pa mawu, iwe n'kumutseka pakamwa ndi chala chimodzi.

Mkamwini adali atatsika padenga. Adaima chapatali, msana kwa ine monga mwa masiku onse, chipewa m'manja. Mwana wanga ndiye ankayenda pakati. Ndidatsitsanso kagalasi.

"Akuti, amayi, chonde, mafuta akutha."

"Kawauze athe."

Apita, abwera. "Akuti musagwiregwire zinthu, zina n'zoopsa."

"Kawauze nawonso asagwiregwire ana a eni."

Koma miyendo yanga ili ndi nyamakazi, ndipo chisanu chija chidayamba kulowa m'mawondo ngati misomali. Ndidaona kagudumu kokhala ndi mzere, uku wobiriwira, uku wofiira. Ndidati chofiira ndi moto, n'kupotoza mpaka kumapeto. Kena kapafupi ndidakapotozanso. Wuuuuu! Abale! Mphepo yamoto kumapazi, kumaso, m'khosi. Poyamba ndidati eya, mawondo asangalale. Posakhalitsa thukuta lili chuchuchu, chitenje chamata pampando, mbusa akukuwabe za ng'anjo. Ndibwezere kagudumu, ndasokoneza kale kuti ndi kati, tonse tikufanana. Ndidadina kena, mphepo idachoka kumapazi n'kubwera yonse kumaso. Kutsitsa galasi lonse sindingathe, asewere ali pompo dzanja lili chire kuti alowetse atsegule.

Mwana wanga adaona. "Bambo a ana, amayi akupsa!"

Ndidamumva mkamwini akuuza nthochi za kutsogolo kwake: "Auze amayi apotoze kapakati, kabwerere kumanzere."

"Akuti kapakati, kumanzere!"

"Kawauze sindilamulidwa ndi mkamwini pamudzi panga!"

Ndidalimba dala, koma mutu udayamba kuzungulira. Ndidati ndisunthire mbali inayo ya mpando, mwina uko kulibe moto. Pakatipo pali chitsulo chotukuka ngati mpini, chili ndi kabatani kumutu. Ndidachigwira kuti ndidzikoke, chala chachikulu pakabatanipo, n'kutsamira ndi thupi lonse. Chidangoti khotyo, n'kugona pansi.

Poyamba ndidayesa chizungulire chija. Mtengo wa mapeyala ukuyenda. Nyumba ikuyenda. Anthu akubwerera m'mbuyo onse pamodzi. Kenaka ndidamva matayala, tsekere-tsekere pamiyala, ndipo kutsogolo kudimba kukubwera, kumene kuli chigwembe chija timatungamo madzi othirira.

"Mayooo! Ikupita!"

Ndidagwira chiwongolero, hutala n'kulira yekha. Mapazi ndikupondaponda pansi, zopondera zilipo zitatu, ndidaponda china injini n'kubangula ngati ng'ombe yophedwa. Apo chinthu chidamenya galasi la pambali panga, phwa! Nkhope. Mkamwini akuthamanga ndi galimoto, dzanja pachitseko, mphuno pagalasi, maso ake m'maso mwanga.

"Mayi! Chitsulocho! Kokani m'mwamba! Kokani, mayi, kokani!"

Zaka khumi ndi zisanu. Sindinkadziwa kuti munthuyu ali ndi chipsera pamwamba pa diso, kapena kuti ndevu zake zayamba imvi. Ndidakoka ndi manja awiri. Krrrr! Galimoto idagwedezeka, idakhukhuluzika, n'kuima. Malata aja adali asadamangidwe mbali imodzi. Adadutsa pamwamba pa mutu wanga, ngwengwerengwe, onse kukagwera m'chigwembe. Beseni lomwe lidapita, asewere adali ataliponya kumbuyoko.

Mkamwini adangotembenuka, n'kukhala pansi m'fumbi, msana kwa ine, akupuma ngati galu. Wina adabwera ndi mwala kudzaika kutayala.

Mukuyesa ndidatsika? Moto ukuwombabe, koma ndidati ndafika kale apa. Asewere adafika akukuwa kuti mfiti, mfiti, afuna kutiphera galimoto. Mwana wanga adawakankhira pambali. Eee, apongozi ake, kuwakankha ndi phewa. Adagogoda pagalasi ndi chala chimodzi. Ndidatsitsa.

"Amayi, mukulimbana ndi anthu olakwika."

"Iwe khala chete, ndikukumenyera nkhondo."

"Ndidapempha ndine kuti tichoke. Bambo a anawa adakana zaka ziwiri, ankati n'zamanyazi, amayi atiyesa chiyani. Ankhoswe ndidawaletsa ndine, chifukwa ndimadziwa kuti mukadawathamangitsa."

"Wadyetsedwa mankhwala iwe."

"Palibe mankhwala. Munda mudatigawira uja chimanga chake chimatha mwezi wa Ogasiti. Ana anga atatu adzagawana chiyani, miyala? Uko kuli malo. Ndiponso amayi..." adayang'ana pansi. "Ndatopa kuyenda pakati. Akuti, akuti, kawauze, kawauze. Ndakalamba ndikunyamula mawu anu."

Adanena motsitsa, koma mudzi wonse udali pompo, ndipo mbusa uja adasankha nthawi yomweyo kuti apume.

Ndidayang'ana timagetsi tija, thi-tha, thi-tha.

"Kotsegulira ndi kati?" ndidafunsa.

Adalowetsa dzanja, n'kudina. Gwa.

Ndidatsika chitenje chili nyowee ngati ndadzikodzera. Asewere adatsegula pakamwa. Ndidati, "Inu, mukangoti a, ndibwereramo." Adatseka. Mwana wanga adati andigwire mkono, ndidauchotsa. Ndidakwera chitunda ndekha, pang'onopang'ono, anthu akupatuka.

Malata adawavuula, adawamanga bwino tsopano, kete-kete ndikumumvera m'nyumba. Adafunditsa lona pamwamba. Dzuwa litapendeka mwana wanga adadza pakhomo ndi ana kudzatsanzika. "Odi, amayi. Tikupita." Ndidayankha kuti munthu amatsanzika kumene adapempha. Adaima, adaima, kenaka ndidamva mapazi. Zidzukulu zanga ndidaziona pa kabowo ka chitseko, zili pamwamba pa lona, zikugwirira malamba.

Mpaka lero ku Luchenza kwawoko sindidapondeko. Akuti munda ndi waukulu. Akuti. Chaka chilichonse mwana wanga amatumiza thumba la nandolo pa kabaza, wa kabaza n'kulitula pakhonde. Ndimamuuza kuti akanene kuti nandolo wa kuchigwa ngosakoma, ngwamadzimadzi, sapsa msanga, ndipo chaka chamawa asavutike. Akachoka ndimalikokera m'nyumba.