Zoyenda m'mphepete mwa lichero

Achimwene, lero ndikupeta chimanga kuno ku Mitande. Ndakumbuka tchuthi chija munabwera kuchokera ku maphunziro anu a fizika, fumbi la komboyo, sitima ya ku Cuamba, lidakali m'tsitsi. Munaloza lichero langa: "Mlongo, zimene ndimafufuza ndi zomwezi. Tizinthu tochepa kuposa fumbi, ukamatigwedeza mobwerezabwereza osasintha liwiro, timayenda m'mphepete, njira imodzi. Tikapeza chotchinga timachizungulira, kubwerera m'mbuyo ayi." Ine ndinakusekani: "Sukulu yonseyi kukaphunzira kupeta?"

Patha chaka chimwalirireni inu. Makope anu ndimawatsegula, sinditolamo kanthu, wondifotokozera palibe. Bwerani mudzanenenso, sindisekanso, ndalumbira. Bwanji simunandiuze kuti nanunso simubwerera m'mbuyo?