Botolo Limodzi la a Gerishoni

A Gerishoni a ku Magaleta anayendetsa njinga yamoto imodzi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ankanyamula anthu, matumba a kachewere, nthawi zina mbuzi. Anali munthu wosayankhulayankhula, wouma mutu ngati chitsa. Ine Laimoni, amene ndimakonza njinga pa Boma la Neno, ndinkawadziwa ngati m'bale wanga, chifukwa chinjinga chawocho chinkagona kwanga kuposa kwawo.

Geji ya mafuta inafa kalekale. Iwo analibe nazo ntchito. Ankathira botolo limodzi la petulo, lomwe lija amagulitsa m'mbali mwa msewu, n'kufika pa Boma bwinobwino. Zaka zonsezo botolo limodzi, osaonjeza ngakhale dontho, poopa kuti anthu angawapopere mafuta njinga ikaima.

Chaka chatha injini inayamba kutsokomola pa zitunda. Okwera ankatsika n'kumakankha, ena kumawaseka kuti agogo, gulitsani chitsulochi. Zinkawawawa. Ndiye ine, ndi pakamwa pangapa, ndinati, “A Gerishoni, vuto ndi kabuleta, kachipangizo kosakaniza mafuta ndi mpweya. Yanuyi yatha. Ndili ndi ina yaikulupo, ya njinga zatsopanozi. Tiikemo, muona.”

Anakana milungu itatu. Kenako anabwera okha.

Ndinaimanga Lachiwiri. Inalira bwino, abale, moti ndinadzitama pamaso pa anthu. Koma ndinaiwala kuwauza chinthu chimodzi, chimene wokonza njinga aliyense amachidziwa: kabuleta yaikulu imamwa mafuta ambiri. Tsikulo ndinawathirira petulo wanga woyesera, choncho anakafika kwawo osazindikira kanthu. Masiku awiri otsatirawo sanayende ulendo wautali.

Lachisanu m'mawa akazi awo, a Mailesi, mphumu inawagwira koopsa. Kuchipatala chaching'ono anawathandiza mmene akanathera, n'kunena kuti athamangire ku Boma msanga. A Gerishoni anathira botolo lawo limodzi monga mwa masiku onse. Anakweza mayiwo pakati, mwana wawo wamkulu Yunike kumbuyo atawagwira.

Njinga inazima pakati pa phiri, pamalo opanda nyumba. Anaponda, anapondanso, anagwedeza thanki. Mouma gwa. Yunike anandiuza pambuyo pake kuti bambo ake anatsegula thanki katatu konse, kusuzumiramo, osakhulupirira. Kenako anawabereka akazi awo kumsana n'kuyamba kukwera wapansi, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi. Pamene njinga ina inkawapeza, a Mailesi anali atasiya kupuma.

Kumaliro ndinapita, koma ndinakhala kutali, kuseri kwa anthu. Manyazi ndi mantha zinandigwira, sindinama.

Patatha mwezi anatulukira pa ntchito panga, ataonda, akuyenda wapansi. Ndinaimirira sipanala ili m'manja, ndikudikira kuti anditukwane pamaso pa anthu. Ndinali nditakonzeka.

“A Gerishoni, ine ndinalakwa. Sindinakuuzeni za mafuta.”



“Ayi, a Laimoni, ntchito munagwira bwino,” anatero motsitsa mawu. “Zitunda ziwiri zoyamba inakwera ngati yatsopano, tili atatu. Mpaka mayi aja, akubanika choncho, anandigwira paphewa n'kunena kuti lero tifika msanga.”

Bola akanandimenya.