Kawotchi ka Pampopi wa Atate

Fakitale ya mabulangete itatichotsa ntchito, ndinakhala miyezi isanu ndikungozungulira mu Livingstone. Atate ankatidyetsa ndi dimba la repu ndi tomato kuseri kwa nyumba. Kuwaona akunyamula makeni a madzi, msana utapindika, ine mwamuna wathunthu ndikungodikira kudya, kunandichititsa manyazi. Ndinakwera thiraki, ulendo wa ku Kepitauni.

Kumeneko ndinapeza ntchito yosamalira maluwa a mzungu wina. Palibe ankanyamula keni. Pampopi panali kawotchi ka batire kotsegula ndi kutseka madzi kokha. Mvula ya kumeneko njosokonezeka mutu: imagwa mu Juni, Disembala kuli gwa. Ndinaphunzira kuchuna kawotchiko motsatira nyengoyo, ndipo ndinkadziona ngati injiniya. Koma Lamlungu ndinkangokhala m'kachipinda kanga, wolankhula naye palibe.

Ndalama ndinkatumiza zochepa, sindibisa. Chaka chachiwiri, mu Ogasiti, ndinagula kawotchi kangati komweko kuti atate apume. Nthaka ya ku Kepitauni inali idakali yonyowa, choncho ndinakachuna kuti kazithirira mphindi khumi, kawiri pa sabata. Ndinapatsira dalaivala wina, pamodzi ndi paipi ndi kalata yoti atate asakakhudze, ndakakonza kale. Za kutentha kwa kwathu sindinaziganizeko n'komwe.

Mayankho awo ankati makina akugwira bwino, ndiwo zikukula. Ndinkawerengera anzanga a kuntchito monyada.

Ndinabwerera patapita zaka ziwiri, mu Okutobala, atate ataikidwa kale m'manda. Nditangotsika, dzuwa linandiwotcha pakhosi, ndipo ndinakumbukira kawotchi kaja. Mphindi khumi, padothi la mchenga ngati lathu?

Kawotchi ndinakapeza pampopi, atakavindikira ndi chitini kuti kasapse. Amayi anandiuza kuti mwezi woyamba womwe repu adafota. Mu Januwale kankathirirabe mvula ikugwa, tomato n'kuwola. Adawapempha kuti akachotse, poti mpopi wathu ndi umodzi womwewo, koma atate adakana. Alendo akabwera ankawaonetsa, amvekere mwana wanga ali ku Joni. Madzi a dimba ndi a m'nyumba ankakatunga kwa aneba, nyumba yachitatu, ndipo adagwa ali panjira yomweyo, makeni ali m'manja.

Ndinafunsa chifukwa chimene sadandilembere zoona.

"Benze kukamba ati mwana ali yekha kuja," amayi anatero. "Ati musiyeni akondweleko."

Ndinalira ngati mwana. Kusintha mphindizo kunali kungopotokola kabatani kamodzi, chinthu chimene ndikadalemba m'mizere iwiri.

Madzulo ndinamasula kawotchiko. Amayi anabwera ndi ketulo, n'kuima kaye pampopi ngati mlendo, kenako anandifunsa ngati tsopano angatsegule.