Timphete tadothi ta alamu anga

Alamu anga a Sangwani ndi owotcherera zitsulo, munthu wosalankhulalankhula. Anayambira pa mawindo ndi mageti ku Chintheche, mpaka kampani ina yomanga mlatho cha ku Kande inawatenga. Kumeneko ankaimika misomali yonenepa ngati chala chachikulu pa mitanda yachitsulo, kuti konkire idzagwire. Msomali amaulowetsa m'chida chonga mfuti, kunsi kwake nkuvekako kamphete kadothi lowotcha. Akakanikiza, magetsi amasungunula chitsulo, kampheteko nkuchigwira kuti chisamwazike. Chikazizira amakaswa ndi hamala.

Ine ndine msodzi, ndipo manjawa ndi oyabwa, ndisaname. Nditaona katoni ya timpheteto pakhonde pawo, ndinati izi ndiye zomizira ukonde, za bowo kale! Ndinatapa todzaza chipewa, nkukatimangirira ku ukonde wanga. Timpheteto tinakhala m'nyanja masiku atatu.

Lamlungu tikuchokera kutchalitchi, ndinamva akuuza akazi awo, mlongo wanga Esnart, kuti asamakolope pafupi ndi katoni ija. Akuti dothilo limamwa madzi, ndiye likakumana ndi moto, chitsulo chosungunuka chimathovokera munthu. Ndinathamangira ku ukonde uja. Ndinamasula timphete tonse, nkutiyanika pathandala la usipa, ndipo titauma kunja kokha ndinatibwezera m'katoni mwakachetechete. Uchitsiru wake! Bwenzi nditangotitaya m'nyanja momwemo.

M'mawa mwake miyendo inanditengera kumlatho. Ndinaima kuseri kwa jenereta. Tanga tija tinali pamwamba penipeni pa katoni. Msomali woyamba unagwira bwino, wachiwirinso. Ndinati Chiuta wandimvera. Pakamwa ndinatsegula kawiri konse, koma ndinkaopa maso a anthu, ndinkaopanso Esnart.

Wachisanu unalira ngati mafuta otentha ogweramo madzi. Moto unamwazika, dontho lina nkulowa m'golovesi ya dzanja lamanja. A Sangwani anagwada pansi akukutumula dzanjalo, osakuwa ngakhale pang'ono, fungo la chikopa chopsa lili ponseponse.

Kuchipatala ndinawaperekeza ndine.

"Musadandaule alamu," anatero. "Kulakwa nkwanga, ndinasiya katoni pachinyezi."

Zala ziwiri zinauma, ndipo kumlatho anatengako munthu wina. Anabwerera ku mageti awo. Papita zaka zinayi, sindinaulule. Ndikafika pakhomo pawo amandilandira ndi nsangala, nkundipatsa moni ndi dzanja lamanzere.