Ng'ombe ya Apongozi Imene Ndinainamizira

Ndinanamizirapo ng'ombe, ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimachita manyazi. Inali nthawi ya Chitaganya, ndili mkamwini watsopano ku Nsaru. Apongozi aamuna anandituma kukasiya fodya kumsika pa ngolo yawo. Kadzuwa kanandikomera, ndinagona chokhala, ng'ombe n'kumadzikoka pakati pa msewu ngati zikupita kumaliro.

Ndinadzidzimuka wapolisi akundigwedeza phazi. Anali atatsika m'lole imene inaliza hutala kumbuyo kwanga mpaka kutopa.

"Kodi bambo, msewuwu ndi wa amalume anu? Kutsekereza anzanu ndi mlandu."

"Pepani bwana, yakudayi ikutsimphina," ndinatero, dovu likadali patsaya.

"Ndiye mukukoketsa katundu ng'ombe yodwala? Umenewonso ndi mlandu. Imasuleni."

Ndinaimasula. Pamalo pake pagoli anaikapo ine, kuti tikokere ngolo pambali. Anthu a m'lole anaseka mpaka kugwira nthiti, yodwalayo ikujowajowa kulowa m'munda wa eni ake.

Mbiri inanditsogolera kumudzi. Nditafika, apongozi anaipapasa ng'ombe yakuda ija miyendo yonse inayi, kenako anatembenukira kwa mkazi wanga.

"Iyi ili bwino. Nanga amuna ako, khosi lili bwanji?"