Mabulosi pa Zala za Mwana Wanga

Tsiku limene mwana wanga analandira katemera wa poliyo, ndinachoka pakhomo nditasenza ndowa pomwe mitsuko yonse m'nyumba inali yodzaza. Madziwo chinali chonamizira chabe. Azaumoyo anali atazungulira ndi galimoto kulengeza kuti adzakhala pa mjigo wa kwathu ku Nkomeshya, kudontheza mankhwala m'kamwa mwa ana osakwana zaka zisanu. Wanga, wamkazi, anali ndi zaka ziwiri.

Apongozi anga anali atalamula kale. "Madontho yaja yamaseka mimba za bana bakazi. Wamene azapeleka muzukulu wanga kuja, amange katundu." Sanatchule munthu, koma mtengwa pakhomopo ndinali ndekha. Amuna anga anangowerama n'kumasema mpini wa khasu. Bambo wabwino ndithu, koma pamaso pa amayi awo pakamwa pankawauma.

Ine ndinakulira kum'mawa ndi alongo anga amene mwendo wawo unafota ndi poliyo ali aang'ono. Anzawo akamathamangira mpira, iwo ankasunga malaya a anzawowo pansi pa mtengo. Ukwati ndinkaufuna, sindinama, koma miyendo ya mwana wanga ndinkaifuna koposa.

Pa mjigo panali ngati pa ukwati. Azimayi mbwee, ana kumbuyo, ena m'manja, anesi atakhala pa benchi ndi bokosi lawo lozizira. Nthawi yanga itakwana, anesi anamuyasamitsa mwana. Madontho awiri okha, basi! Mwana anameza, ananyambita milomo, n'kuyasamanso kufuna ena. Anthu anaseka, ine ndinaimba nthungululu, kuiwaliratu kuti ndabwera mozemba.

Ndisanatseke pakamwa, mayi wothandiza anesi anagwira dzanja lamanzere la mwana n'kupaka inki yofiirira pa kachala kakang'ono.

"Mayo ine! Ichi ni chani?"

"Ni chizindikilo, amai, kuti tisamupase kabili. Sichichoka musanga."

Ndinathamangira pa mjigo. Sopo analephera, mchenga unalephera, mwana anayamba kulira. Mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe, amene nkhani ya apongozi anga ankaidziwa bwino, anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Iwe, uzamuchosa chala mwana! Bwela kuno."

Anandikokera kuseri kwa mpanda, kumene kunali mtengo wa mabulosi. Inali nyengo yotentha, zipatso zitapsa mpaka kuda. Anathyola odzaza dzanja n'kuwafinyira pa zala zonse khumi za mwana, pamilomo, ngakhale pa diresi. Kachala ka inki kaja kanasowa pakati pa tinzake. Ndinamukumbatira mnzangayo, tonse tili gwedegwede ndi kuseka, ngati atsikana oba mango.

Ndinalowa pakhomo ndikuyenda monyada, ndowa yodzaza pamutu. Apongozi anali pakhonde, akusankha mtedza.

"Mwana wamusiya adye mabulosi monga kanyoni? Ona dilesi!"

Ndinagwada n'kupepesa. Chibadwire sindinapepesepo ndi mtima wokondwa chotero. Ndinalowa m'khitchini ndikuimba pansipansi, ndikudziona wochenjera kuposa mudzi wonse.

Chimene sindinaganize n'chakuti mabulosi amachoka ndi madzi. Masana amuna anga anabwera kuchokera kudimba, mwana n'kuwathamangira ndi manja onata. Iwo anamunyamula, anatenga beseni ndi sopo, n'kukhala naye kuseri kwa nyumba. Ndinaona zonse ndili pakhomo la khitchini. Anatsuka chala chimodzichimodzi, akumuseka mwana kuti wakuba zipatso. Zisanu ndi zinayi zinayera. Chakhumi anachipukuta kawiri, katatu, kenako anasiya.

Kudimba kumadutsa anthu ambiri, ndipo tsikulo ana a mudzi wonse anali ndi kachala kotero. Panalibe choti ndiname. Ndinapita n'kukhala pansi pafupi nawo, m'mutu ndikuwerenga kale zoti ndilonge m'chikwama.

Anandiyang'ana, kadzanja ka mwana kali m'dzanja lawo.

"Analila?"

"Iyayi. Ni madontho chabe yabili. Anafuna na yenangu."

Ndinaona pakamwa pawo pakunjenjemera, akulimbana ndi kuseka.

"Bazabwela futi?"

"Banena ati mwezi ubwela."

"Uzaniuza siku. Nizamupeleka neka pa njinga."

Misozi inangotuluka yokha. Zaka zinayi ndili pabanjapo, ndinali ndisanawamvepo akutsutsa mawu a amayi awo, ngakhale pa nkhani ya nkhuku. Ndinafunsa monong'ona kuti nanga apongozi tiwabisira bwanji mwezi wonse.

Iwo anangoimirira. Anataya madzi a m'beseni, anapukuta manja pa buluku, n'kumukweza mwana paphewa. Ndinaganiza kuti alowa naye m'nyumba, koma anadutsa pakati pa bwalo, molunjika kukhonde kumene amayi awo anakhala. Atafika, anamutsitsa mwana. Anagwada, anatambasula kadzanja ka mwana pamwamba pa lichero la mtedza, ndipo ndinawamva bwinobwino ndili kuseri kwa nyumba.

"Amai, onani. Ngati kuli womanga katundu, tizamanga tonse batatu."