Chingwe cha Fodya M'thumba mwa Lameki

Lameki mnzanga, lero m'mawa tikumanga fodya kushedi ndangogwira chingwe, basi iwe wandibwerera m'maso. Paja chingwe chomwechi ndi chimene unkamangira m'chiuno otchinga kumbuyo anayi a timu yathu ya mpira ya papulazi, pafamu pano, kuti wina akasunthira kutsogolo onse asunthe, akabwerera onse abwerere. Anthu a m'komboni ankafa nazo kuseka, amvekere, "Lameki wayamba kuweta mbuzi!" Koma zigoli zinasiya kulowa, kusekako n'kutha.

Ukukumbuka tsiku lija a koleji ya ku Marondera anakuitana kuti ukakhale kochi wa otchinga awo? Ndinakuperekeza pokwerera kombi, koma titafika pamsewu iwe unati ukubwerera. Unati, "Sahwira, bwenzi langa, ana ophunzira amenewo ndikawauza chiyani ine, dzina langa lomwe sinditha kulemba?" Ine ndinatulutsa mpukutu wa chingwe n'kukuponyera m'thumba la jekete. Ndinati, "Setifiketi yako ndi imeneyo. Kwera, usandichititse manyazi." Unandinena kuti ndimalongolola ngati wailesi, koma unakwera. Mpaka lero ndimaganiza kuti ndikanakumvera chisoni tsiku limenelo, bwenzi luso lako litathera kushedi konkuno. Pamaliro ako panabwera amuna anayi amene unawaphunzitsa kukoleji, enawo imvi zitayamba kale. Ananyamula bokosi lako kuchokera kutchalitchi mpaka kumanda akuponda phazi limodzi, wina osatsogola, wina osatsalira. Ndinawayang'anitsitsa m'chiuno, Lameki. Chingwe munalibe.